Kodi mwana ameneyu alibe kwawo?

Masiku angapo Khirisimasi isanafike, mwana wanga wachisamba anandiuza mawu amene sindinawayembekezere. Ndinali kukhitchini ndikuwerengera makapu a mpunga, ndiye ndinangoti, "Lachisanu tikatha kudya tiika Mr Bean wathu uja." Iye osadzutsa n'komwe mutu pafoni, anangoti, "Mami, chaka chino ine ayi. Ndinamuonera kale kambirimbiri, komanso chithunzi chake n'chakale." Anayankha m'Chingerezi, poti masiku ano mayankho ake onse amatuluka m'Chingerezi basi. Ali ndi zaka 13.

Ndinaseka kuti asaone kanthu, koma mumtima munandipweteka. Ndinadzifunsa ndekha kuti kodi mayi wamkulu ngati ine, wa ana awiri, ndingakhumudwe chifukwa cha kafilimu kosakwana n'komwe mphindi 30, ka mzungu amene mutu wake wakanirira m'nkhukundembo? Usiku umenewo tulo tinavuta. Nkhani ya mwezi uno yachokera pamenepo.

Anzanga amene muli ku UK, ku Ireland kapena ku Joni, mwina simudziwa mmene Khirisimasi imakhalira kuno ku Doha. Pa 25 Disembala si holide. Tsiku lalikulu la mwezi uno ndi pa 18, pamene eni dziko amakondwerera tsiku la dziko lawo, ndipo mbendera zimadzaza m'misewu yonse mpaka ku Corniche. Khirisimasi ikagwera pakati pa sabata, monga chaka chino pamene inagwera Lachinayi, umadzuka m'mawa n'kupita kuntchito ngati tsiku lina lililonse. M'mahotela ndi m'mashopu ena mitengo yokongoletsa imaoneka ndithu, koma mumsewu simumva fungo la Khirisimasi ayi. Masiku opuma kuno ndi Lachisanu ndi Loweruka, ndiye ife tinazolowera kuinyamula Khirisimasi yathu n'kukaiika pa Lachisanu lapafupi. M'mawa timapita ku Mesaimeer, kumene matchalitchi anamangidwa pamalo amodzi ozunguliridwa ndi mpanda. Tchalitchi cha Katolika cha Our Lady of the Rosary chinatsegulidwa kumeneko mu 2008, ndipo a Anglican ndi mipingo ina ali pomwepo. Kunja simuona mtanda, simumvanso belu. Tikabwerako timadya, ndipo tikatha kudya timaika Mr Bean. Takhala tikutero chaka chilichonse chibwerereni ana kuno.

Kafilimu kameneka ndinakaona koyamba mu 1996 ku Ndirande, ndili ndi zaka 10. Achinyamata a lero sakhulupirira ndikawauza kuti nthawi imeneyo m'Malawi munalibe wailesi ya kanema. Television Malawi, imene tinkangoti TVM, inayamba pa 1 Epulo 1999. Tisanafike pamenepo, madzulo athu anali a wailesi ya MBC, kumvera masewero monga Kapalepale ndi Pamajiga titazungulira kawailesi ka mabatire. Mafilimu ankaonetsedwa m'mavidiyo sho a kumsika, mmene munali makarate ndi zowomberana zokhazokha, ndipo bambo anga, omwe anali mkulu wa mpingo, anatiletsa kupondamo phazi.

Disembala wa chaka chimenecho amalume anabwera kuchokera ku Joni atanyamula sikirini yaing'ono, deki ndi matepi asanu m'chikwama cha mizeremizere chija. Matepi anayi anali akarate. Yachisanu inali yojambulitsa, yopanda chikuto, ndipo wina analembapo ndi bolopeni kuti "Bean". Pa tsiku la Khirisimasi, titadya mpunga ndi nkhuku, aliyense atagwira botolo lake la Fanta, bambo analola kuti tepi yachisanuyo iikidwe. Pabalaza pathu panali pang'ono, koma tsiku limenelo panakwana anthu oposa 20. Ana a maneba anadzaza pawindo mpaka m'nyumba munada. Kunja kunali mitambo ya mvula, ndipo ife tinavala zovala zatsopano zimene zinkanunkhabe kushopu.

Pampando wabwino panakhala agogo, mayi awo a amayi anga, amene anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzadya nafe Khirisimasi. Agogo sankadziwa Chingerezi ngakhale liwu limodzi. Poyamba anakana, ati zinthu za azungu zimawazunguza mutu. Koma sipanathe mphindi zisanu anali atayamba kale kugwedezeka mapewa.

Amene munakaonera mukukumbuka mmene kamayambira. Mr Bean walowa m'sitolo yaikulu ya Harrods ku London kukagula zokongoletsera. Pofuna kuyesa timagetsi take, wazula pulagi ina, ndipo magetsi onse okongoletsa kunja kwa sitoloyo azima. Kenako wapeza tizidole ta khola la ku Betelehemu n'kuyamba kuseweretsa ngati mwana. Wabweretsapo nkhosa, asilikali, akasinja a nkhondo, chinyama chakalekale chija amati dinosaur, mpaka helikopita yodzanyamula khanda modyera ng'ombe. Pamenepa bambo ankakonza kukhosi, kusonyeza kuti zinthu zopatulika sizoseweretsa. Koma helikopita itatulukira, nawonso analephera kudzigwira, anatembenukira kukhoma n'kumaseka chamumtima. Zaka zonse zotsatira ankatero: kukonza kukhosi kaye, kenako kutembenukira kukhoma. Ife ana tinkadikira zimenezo kuposa helikopita yeniyeniyo.

Kumsika, chibwenzi chake, Irma Gobb, chamukokera pawindo la shopu ya ndolo ndi mphete, n'kumulozera mphete imene chikuifuna. Iye wagwedeza mutu ngati wamva. Wagwira kamnyamata kopisa anthu m'matumba, wachititsa bandi ya malipenga ya Salvation Army kuimba nyimbo ya Khirisimasi ngati ya kudansi, ndipo atapeza kuti mitengo yogulitsa yatha, wadula chimtengo chachikulu cha pabwalo n'kuchimangirira pa kagalimoto kake ka Mini. Tsiku la Khirisimasi m'mawa, chidole chake Teddy chalandira maso atsopano, iye walandira sokosi, ndipo kakhoswe ka m'nyumba kalandira tchizi, imene waiika pamsampha. Apa agogo anaomba m'manja, amvekere, "Apo pokha ndiye waganiza ngati munthu!"

Kenako nkhukundembo ija. Wotchi yake yatayikira m'mimba mwa chimbalamecho pamene amaikamo zokometsera, ndiye walowetsa mutu kuti aifunefune, mutu n'kukanirira, chibwenzi n'kugogoda pachitseko. Abale anga, sindinawaonepo agogo akuseka ngati tsiku limenelo. Anatsika pampando n'kukhala pansi, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, uku akufuula, "Mayo ine! Nkhuku yonseyi munthu mmodzi? Muthandizeni mwana wa eni akeyo!" Ana a pawindo anayamba kuseka agogo m'malo moseka filimu.

Koma pali malo ena amene ife ana sitinawaone ngati kanthu. Usiku woti mawa ndi Khirisimasi, Mr Bean ali yekha m'kachipinda kake. Watenga makhadi a mafuno abwino, waika mu envulopu, watuluka panja, walowetsa makhadiwo pa kabowo ka makalata ka chitseko chake chomwe, wabwereranso m'nyumba n'kuwatola akumwetulira ngati wina wamukumbukira. Ife tinafa nacho chiseko. Agogo sanaseke. Anayang'ana amalume n'kufunsa, "Kodi mwana ameneyu alibe kwawo? Amayi ake ali kuti?" Amalume anayankha kuti ndi sewero chabe, koma agogo anapukusa mutu. Pamapeto, pamene mtsikana uja wapatsidwa chithunzi cha pawindo la shopu m'malo mwa mphete, kenako kabokosi kokhala ndi kambedza kokolekera chithunzicho, n'kutuluka akulira, amayi ndi azakhali anakwiya m'malo mwake, ati amuna onse ndi chimodzimodzi. Agogo anangoti, "Wasiyidwanso yekha. Kalikokha n'kanyama."

Tepi ija tinaionera Khirisimasi iliyonse mpaka inayamba kuonetsa mizere ndi kutafunidwa ndi deki. Mchimwene wanga ankaitulutsa mosamala n'kuikulunga ndi bolopeni. Ngakhale TVM itabwera, mwambo wathu sunasinthe. Agogo anatisiya mu 2003, bambo mu 2014.

Nditakula ndinafufuza za kafilimuka. Dzina lake ndi Merry Christmas, Mr. Bean, ndipo kanaonetsedwa koyamba pa kanema wa ITV ku Britain pa 29 Disembala 1992. Onani, ngakhale eni ake anakaonera Khirisimasi itadutsa kale, ngati mmene timachitira ife a ku Doha. Ndi gawo lachisanu ndi chiwiri mwa magawo 15 okha a Mr Bean, amene anayamba pa 1 Januwale 1990 n'kutha mu 1995. Magawo 15 basi, koma dziko lonse limamudziwa. Amene amasewera Mr Bean ndi Rowan Atkinson, munthu amene anaphunzira za uinjiniya wa zamagetsi ku Newcastle ndi ku Oxford. Ndikakumbukira zimenezi pamalo paja pozimitsa magetsi a Harrods, ndimaseka kawiri. Mtsikana uja ndi Matilda Ziegler, ndipo ena mwa olemba nkhanizi anali Richard Curtis ndi Robin Driscoll. Mu 2012, pamwambo wotsegulira masewera a Olympics ku London, Rowan Atkinson anaonekeranso akuseketsa anthu a mitundu yonse osalankhula kanthu. Mphamvu ya Mr Bean yagona pamenepo: mawu ndi ochepa kwambiri, nkhani yonse ili pankhope ndi m'manja. N'chifukwa chake gogo wa ku Ntcheu anaitsata nkhaniyo kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ndipo anaonamo zimene ife odziwa Chingerezi cha ku pulayimale sitinazione.

Funso la agogo lija linandipeza patatha zaka 20. Ndinafika ku Doha mu 2016 kudzagwira ntchito ya unamwino. Ndinasiya bambo a kunyumba ndi mwana wa zaka zinayi, yemweyu wa foniyu, m'manja mwa amayi anga ku Ndirande. Chaka chimenecho Khirisimasi inagwera Lamulungu, ndipo kuno Lamulungu ndiye tsiku loyamba la ntchito, ngati Lolemba kwathu. Ndinagwira shifiti ya maola 12. Popita kunyumba ndinatsika pashopu, ndinagula kanyama ka nkhuku kokazinga kale, botolo la Fanta ndi mpango wa m'khosi wotchipa. Wogulitsa anandifunsa ngati mpangowo ndi mphatso, ndipo ine ndinavomera. Anaukulunga bwinobwino m'pepala lonyezimira. Nditafika m'chipinda ndinakhala pabedi n'kuyamba kumasula mphatso imene ndinadzigulira ndekha mphindi 30 zapitazo. Ndili pakati pomasula ndinakumbukira makhadi aja. Ndinamva mawu a agogo ngati ali pompo, akufunsa ngati mwana ameneyu alibe kwawo. Ndinalira kwambiri usiku umenewo.

Ndinkakhala ndi anamwino anzanga awiri, wina wa ku Kerala ku India, wina wa ku Philippines. Atandimva anagogoda. Polephera kufotokoza, ndinangotsegula YouTube pafoni n'kuwaonetsa malo a makhadi aja. Onse awiri ankakadziwa kafilimuka kuyambira ali ana. Tinakhala atatu pabedi limodzi, kafoni titakatsamiritsa ku botolo la Fanta, n'kuonera kuyambira pachiyambi. Aliyense wa ife anasiya mwana kwawo. Pa nkhukundembo tinaseka mpaka kutsokomola, pa makhadi tonse tinangoti zii. Wa ku Kerala uja anapita kukhitchini n'kukatenga mpunga wake wa zokometsera zambiri, ndipo kankhuku kanga tinagawana patatu.

Ndaganizira kwambiri chifukwa chake kanthu kakang'ono chonchi sikatha mphamvu. Nthabwala zambiri ukazimva kawiri zimazizira. Izi ayi, ndipo ndikuona kuti chifukwa chimodzi n'chakuti tinasiya kalekale kuonera sikirini. Timadziwa chimene chikubwera, ndiye maso amakhala pankhope za anzathu. Umadikira kuti uone ngati mwana wamng'ono aseke pamene iwe unaseka uli msinkhu wake. Umayang'ana mlendo amene sanakaonerepo. Ine ndikafika pa helikopita ndimamva bambo akukonza kukhosi, ndikafika pamsampha ndimamva agogo akuomba m'manja. Anthu awiriwa ndilibe vidiyo yawo ngakhale imodzi, poti nthawi imeneyo mafoni a kamera kunalibe kwathu. Mawu awo ndimawamva bwino kamodzi pachaka, kwa mphindi zosakwana 30.

Chifukwa china n'chakuti kafilimuka kamakula nawe limodzi. Uli mwana umaona chitsiru choseketsa. Utakula pang'ono umamvera chisoni mtsikana wodikira mphete. Ukakhala kunja kwa dziko lako umaona munthu amene akuyesetsa kuchita Khirisimasi monga amachitira anthu ena onse, mtengo, makhadi, masokosi, nyama, koma alibe woti achite naye. Ngakhale kaphulitsi ka pepala kaja, kamene azungu amakokerana anthu awiri patebulo, iye akukakoka yekha pamapeto. Ambiri a ife kuno ku Gulf tinakakokapo tokha kaphulitsi kameneko mwa njira ina.

Bambo a kunyumba ndi mwana anabwera mu 2018, ndipo mzime wathu wamkazi anabadwira konkuno. Mnyamatayu pofika ankalankhula Chichewa cha ku Ndirande chenicheni, chothamanga, cha mumsewu. Kusukulu anapeza anzake a ku Egypt, a ku India, a ku Kenya, ndipo chilankhulo chowalumikiza ndi Chingerezi. Ife makolo, pofuna kuti asatsalire m'kalasi, tinayamba kumuyankhanso m'Chingerezi. Cholakwa chimenechi n'chathu, sindingachikankhire kwa wina. Lero akumva zambiri koma kuyankha kumamuvuta, ndipo amachita manyazi akalakwitsa. Amayi anga akaimba, iye amangoti "Ndili bwino, kaya inu agogo," kenako amandibwezera foni. Mayi amene anamulera zaka ziwiri, kumusambitsa ndi kumubereka kumbuyo popita kumsika, lero akulephera kucheza naye mphindi ziwiri.

Ndinayesapo kumuonetsa Izeki ndi Jakobo, amene ife tinakula nawo. Ine ndi bambo ake tinkagubuduka ndi chiseko, iye akungotiyang'ana. Nthabwala za malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi zili m'mawu, m'kapindidwe ka lilime, m'kutsutsana kwa anthu awiri odziwa Chichewa mpaka kumizu. Wopanda chilankhulo sangalowemo. Awiriwa anapita, wina mu 2016 wina mu 2021, ndipo zimandiwawa kuti mwana wanga sadziwa chimene dziko linataya. Ndiye mukuona chifukwa chake ndinagwiritsitsa Mr Bean. Anali chinthu chimodzi chotsala chimene mwana wanga ndi agogo ake ankaseka limodzi popanda ine kumasulira pakati. Pamene ananena kuti chaka chino ayi, ine ndinamva ngati kachingwe komaliza kakuduka.

Bambo ake anandilangiza kuti ndisamukakamize. Anati mwana wa zaka 13 ukamukoka amakokanso, ndipo mwambo wokakamiza umasanduka chilango. Ndinamvera, ngakhale monyinyirika.

Lachisanu pa 26 linafika. Tinali ndi alendo atatu: anyamata awiri a kwathu amene amagwira ntchito ya ulonda ndipo amakhala ku Industrial Area, ndi mayi wina wogwira ntchito ya m'nyumba amene abwana ake anamulola kutuluka tsiku limenelo. Tinadziwana nawo kutchalitchi. Ndinaphika mpunga wa Kilombero umene ndinausunga kuyambira pamene ndinabwera nawo m'sutikesi mwezi wa Ogasiti, nkhuku ya mufiriji ya ku Brazil imene ndinaikazinga kwambiri kuti iyerekeze ya lokolo, kabichi, ndi nsima pang'ono poti anyamatawo ananeneratu kuti mpunga wokha sagona nawo. Cha m'ma 4 koloko madzulo, kumudzi ili 3 koloko poti ife tili patsogolo ndi ola limodzi, tinaimba foni ya vidiyo ku Ndirande. Mng'ono wanga anali atakonza kale laputopu patebulo, amayi atakhala pampando uja unali wa agogo. Tinawerenga limodzi, wani, thu, firii, n'kuyambitsa filimu mbali zonse ziwiri. Kumeneko mvula inali ikuwomba malata moti mawu sankamveka, koma Mr Bean safuna mawu.

Mnyamata wanga anadya nafe, kenako anakakhala pakhomo la chipinda chake ndi foni, theka ali nafe theka kulibe. Sindinamuyang'ane. Mzime wathu ndiye anakhala kutsogolo, akufotokozera agogo ake m'Chichewa chake chothyokathyoka. Pamalo a makhadi, mmodzi wa anyamata a ulonda aja anasiya kuseka. Anayang'ana pansi n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi, chibwerereni ine kuno zaka ziwiri zapitazo, lero ndi koyamba kudya m'nyumba ya banja." Palibe anayankha. Bambo a kunyumba anangomuwonjezera nyama m'mbale.

Titatsala pang'ono kufika pa nkhukundembo, ku Ndirande magetsi anazima, ndipo laputopu ya mng'ono wanga, imene batire yake inafa kalekale, inazima nawo. Kunatsala foni yokha. Amayi anayandikira nkhope pa kamera n'kunena, "Aa, pabwino pomwe! Nanga amuna anga ali kuti? Aitaneni andiuze zimene zikuchitika." Amuna awo ndiye mdzukulu wawoyo, mwa chizolowezi chathu chija cha agogo ndi adzukulu. Ndinkatha kungotembenuza foni kuti aone sikirini yathu, koma dzanja langa linachita ulesi dala.

Anabwera akukoka miyendo, anatenga foni. Anayamba m'Chingerezi, amayi amvekere, "Iii, amuna anga, mwayamba liti kundilankhula chizungu? Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4." Anayang'ana kwa ine, ine ndinayang'ana kudenga. Kenako anayamba pang'onopang'ono. "Agogo, wotchi yake yagwa mu nkhuku. Akufuna... akuyang'ana. Mutu wake walowa. Sukutuluka." Mmodzi wa anyamata aja anamuponyera liwu, "Wakanirira." Iye anabwereza, "Wakanirira, agogo! Ndiye mkazi uja wabwera, akugogoda!" Amayi kumeneko anali atagwira pamimba, akuseka mumdima, mwina kuseka filimu imene akuidziwa pamtima, mwina kuseka Chichewa cha amuna awo. Iye naye anayamba kuseka, ndipo anapitiriza kufotokoza mpaka pa kambedza kaja. Sanawerenge, koma ine ndinawerenga: analankhula ndi agogo ake mphindi pafupifupi khumi.

Musaganize kuti zonse zakonzeka. Filimu itatha anandibwezera foni n'kunena kuti chithunzi chake n'chakalebe, ndipo chaka chamawa sakulonjeza. Chichewa cha mwana sichibwerera ndi filimu imodzi ya chizungu. Ntchito imeneyo ndi ya ine ndi bambo ake, patebulo, tsiku ndi tsiku, ndipo tagwirizana kuti kuyambira Januwale chakudya chamadzulo chizidyedwa m'Chichewa, wolakwitsa osamuseka. Koma ndaphunzirapo kanthu kamene ndikufuna ndikugawireni, makolo anzanga. Kwathu kuli anyamata aja amene amamasulira mafilimu m'Chichewa, kulankhula pamwamba pa filimu mpaka ya ku China kumveka ngati yachitikira ku Mbayani. Ana athu akhoza kuchita zomwezo pabalaza. Sankhani filimu ya mawu ochepa imene akuidziwa kale, tsitsani voliyumu, muwauze kuti afotokozere agogo, azakhali, kapena inu nomwe. Poti nkhaniyo akuidziwa, mantha amachepa, ndipo poti ndi zoseketsa, kulakwitsa sikupweteka. Mwana wanga waphunzira liwu loti kukanirira, ndipo sadzaliiwala.

Mwina kwanu si Mr Bean. Ena ndi Home Alone ya 1990 ija, ena ndi filimu ya Yesu ya m'Chichewa imene inkaonetsedwa pansalu pabwalo la sukulu, ena ndi kaseti ya kwaya imene bambo ankaiika m'mawa uliwonse wa Khirisimasi. Chilichonse chimene chili chanu, musachite nacho manyazi kuti n'chakale kapena kuti chithunzi chake sichowala. Chiikeni chaka chilichonse, ngakhale ana akhale pakhomo la chipinda ndi foni. Akumva. Tsiku lina adzakhala okha m'chipinda cha ku Toronto kapena ku Dubai, ndipo adzachifunafuna.

Chomaliza ndi funso la agogo lija. Mumzinda uliwonse umene muli, muli Mmalawi wina amene chaka chino wadzigulira yekha mphatso, kapena sanagule n'komwe poti ndalama yonse anatumiza kumudzi ya feteleza ndi ya fizi. Kwawo aliko, koma kuli kutali, ndipo tikiti ndi yodula. Chaka chatsopano chikubwerachi, musadikire Disembala wina. Mufunseni nambala pakhomo la tchalitchi kapena la mzikiti, muwonjezere kapu imodzi ya mpunga mumphika. Anyamata athu a ku Industrial Area aja abweranso Lachisanu loyamba la mwezi wamawa, ndipo alonjeza kuti adzamuphunzitsa mnyamata wanga bawo.

Chaka chabwino chatsopano kwa nonse, kulikonse kumene muli. Tikumanenso mwezi wamawa.